Fulashi Yobwereka Sibwerera Yopanda Kanthu

Ndiyambe ndatchula mboni, chifukwa kuno ku Kapata, m'tauni ya Chipata, alipo anthu amene amati ine ndimathira nsinjiro pa nkhani. Mboni yoyamba ndi akazi anga, amene anaona zonse ataima pakhomo la kukhitchini. Iwowa pa zaka zonse za ukwati wathu sanandivomerepo bodza, ngakhale lija lothandiza banja. Yachiwiri ndi alamu anga, mlongo wawo wa akazi angawo, amene anabweretsa vutoli ndi mtima woyera ngati ufa wogayitsa kawiri. Yachitatu ndi mayi wina Mubemba wokonza makompyuta pamsika wa Kapata. Ameneyo pa nkhani zina musamukhulupirire, koma pa iyi yokha amanena zoona. Mboni yachinayi ikanakhala laputopu yeniyeniyo, koma anaisambitsa m'mutu ndipo pano sikumbukira kanthu.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Laputopuyo anandipatsa mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka, ati ndisamangokhala pakhonde n'kumawerenga njinga zodutsa. Ntchito yaikulu imene ndinagwira nayo inali ya apongozi anga aamuna. Iwo anali katekisti kwa zaka zambiri m'mudzi wina ku Kasenengwa, ndipo nthawi zonse akabwera m'tauni kudzaonetsa maso awo kuchipatala ankagona kwathu. Masana ankandifotokozera mbiri ya tchalitchi cha kumudziko, ine n'kumalemba. Anandiuza amene anadula mitengo yoyamba, amayi amene ankatunga madzi oumbira njerwa, ndi chaka chimene mphepo inanyamula denga n'kukalitula m'munda wa thonje wa munthu wa mpingo wina.

Mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi. Choncho iwo ankakhala pakhonde atayang'ana kumsewu, ine m'nyumba pafupi ndi zenera. Ankalankhula ngati akuuza mtengo wa mango, ine n'kumalemba ngati ndangomva mwangozi. Tinatero zaka ziwiri mpaka masamba anapitirira makumi anayi. Kenaka m'dzinja anadwala, lilime linalemera, mayina a anthu anayamba kuwathawa. Zimene anandiuzazo sakanathanso kuzibwereza. Mbiriyo inkayenera kuwerengedwa pa chikondwerero cha tchalitchicho, ndipo nkhani ndikunenayi inachitika kutatsala milungu itatu.

Ndinali munthu wosamala. Mbiriyo ndinaisunga pawiri, m'laputopu ndi m'fulashi, kaja kosungiramo zinthu za pakompyuta kotalika ngati chala. Vuto n'lakuti kwathu kuno fulashi ili ngati mbale. Mnansi akakutumizira ndiwo, mbale yake suibweza yopanda kanthu. Umaikamo tomato, mtedza, kaya mchere pang'ono. Palibe amene anaitanitsa msonkhano kuti mwambowu ufike ku fulashi, koma unafika. Munthu akabwereka fulashi yako amaibweza muli nyimbo za kwaya, ulaliki, kanema wa ukwati wa anthu amene suwadziwa, mwina theka lachiwiri la mpira umene unatha zaka zitatu zapitazo. Kukana kubwereketsa n'kosatheka. Fulashi yanga inafika ku Chipangali, inafika ku Katete, inawoloka malire kawiri. Ikanakhala ndi pasipoti bwenzi masamba atatha.

Alamu anga anaibwereka kuti akapulintitse makalata ofunsira ntchito m'tauni. Patapita masiku atatu anabwera nayo akumwetulira, anakhala pampando, chipewa pabondo.

“Alamu, sindinabwere chimanjamanja,” anatero. “Muli nyimbo za kwaya, komanso kanthu kena kamene anandipatsa mnzanga. Kamabweretsa mafilimu aulere, ndiponso intaneti imathamanga ngati yaba.”

Ndinalowetsa fulashiyo. Kanthuko kanalidi pomwepo, kokongola, kali ndi kamuvi kobiriwira. Ndinati ndikaona mawa.

“Mawa? Mphatso saisunga ngati mbewu, alamu. Tsegulani tione.”

Munthu wakubweretsera chinthu, wakhala pomwepo akudikira kuti ulawe. Ungatani? Ndinadina. Laputopu inandifunsa ngati ndikulola kuti pulogalamu imeneyi isinthe zinthu m'kati mwake. Funsolo ndinaliwerenga kawiri.

“Vomerani,” anatero alamu. “Imeneyo ndi odi chabe. Munthu akati odi mumamufunsa chiphaso?”

Ndinavomera. Sipanachitike kanthu. Tinayang'ana galasi la laputopu ngati anthu odikira basi ya ku Chama. Alamu anawerama, anaika khutu pafupi, kenaka anati mwina kakuchita manyazi poti n'kachilendo. Tinamvera nyimbo za kwaya, anamwa tiyi, anapita.

Patapita masiku awiri ndinalumikiza foni ku laputopu kuti nditumize kalata ku Lusaka. Ndinali nditagula bandulo ya intaneti ya mlungu wathunthu. Akazi anga anateleka madzi a tiyi nthawi yomweyo, ndipo bandulo inatha madzi asanayambe kulira. Ndikunena pali Mulungu. Ndinagula ina. Apo m'pamene alendo anayamba kufika. Pagalasi panatseguka mazenera, ili pamwamba pa ili. Lina linati ndawina galimoto. Lina linkagulitsa mankhwala omeretsa tsitsi, ndipo mpaka lero sindidziwa amene anaiuza laputopuyo za dazi langa. Lina linali ndi chithunzi cha mtsikana wovala zoperewera, ndi mawu akuti ali yekhayekha pafupi ndi Chipata.

“Ameneyo ndani?” anafunsa akazi anga ali pakhomo la kukhitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja.

“Sindimudziwa, mayi.”

“Nanga wadziwa bwanji kuti muli ku Chipata?”

Limenelo linali funso labwino, ndipo ndinawauza kuti inenso ndikufuna kudziwa. Anati ndifufuze msanga.

Laputopu inayamba kutentha. Kamphepo kotuluka m'mbali mwake kanali ngati ka mu October pamsewu wa ku Mfuwe. Akazi anga, amene salola moto kupita pachabe, anaika mtedza pambale yachitsulo pafupi ndi potulukira mpweyapo, ndipo unapsa. Kuti musati ndikukokomeza, ndivomere kuti unapsa mbali imodzi yokha. Kamuvi kaja timalozera zinthu pagalasi kanayamba kuyenda ngati nkhalamba yochokera kumaliro. Tsiku lina ndinakatuma kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndinapita kumsika kukagula sopo, ndinacheza ndi anthu awiri, ndipo pobwera ndinakapeza kali pakati, kakupuma.

Munthu wanzeru akanathamangira kwa okonza tsiku lomwelo. Koma ine ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, ndipo chinthuchi chinandikoka mtima. Ndinatenga kope ndi pensulo. Ndinaona kuti ndikachotsa foni, m'laputopu mumakhala bata. Alendo amene afika kale amakhalabe, koma sipabwera watsopano. Ndikangolumikiza foni, pasanathe nthawi tizithunzi tatsopano timatuluka ngati bowa mvula itagwa usiku wonse. Ndinafufuta tonse, kamodzikamodzi, ndikulemba mayina ake m'kope. M'mawa mwake nditalumikizanso, tinabwerera, tina ndi mayina ena, tina ndi abale ake. Ndinachita zimenezi masiku anayi, ndipo kunena zoona ndinkasangalala. Ndinalemba pansi pa tsamba kuti: m'nyumba muno muli wina amene akutsegulira anzake chitseko. Ndinakayikira nyimbo za kwaya. Ndinakayikira kanema wa ukwati uja. Kamuvi kobiriwira kokha sindinakakhudze, chifukwa mphatso ya mlamu suifufuta; angabwere Lamlungu n'kufunsa kuti kali kuti.

Tsiku lachisanu ndinati ndikonze zolakwika zingapo m'mbiri ya apongozi. Dzina la chikwatu chimene ndinasungamo linalipo, koma nditadina sichinatseguke. Ndinadinanso. Palibe. Sindinade nkhawa kwambiri, poti ndinali munthu wosunga pawiri. Ndinalowetsa fulashi. Namonso chimodzimodzi: mayina alipo ngati zikwangwani za masitolo otsekedwa, m'kati mulibe kanthu.

Apa chisangalalo cha sayansi chinatha. Akazi anga anabwera, anayang'ana galasi, anandiyang'ana ine.

“Zonse?” anafunsa.

“Zikuoneka choncho.”

“Ndi mayina a amayi otunga madzi omwe? Mayi anga ali m'menemo.”

“Ali m'menemo.”

“Mukawauze nokha atate. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo.”

Mkamwini amene sangawafunse apongozi ake ngati agona bwino popanda kudzera mwa munthu, akawauze kuti mawu awo a zaka ziwiri adyedwa ndi kanthu kobweretsa mafilimu aulere! Ndinakulunga laputopu m'chitenje, fulashi m'thumba la malaya, ulendo wa kumsika.

Kantemba ka mayi wokonza makompyuta kali pakati pa wogulitsa zikwama za mafoni ndi wogulitsa tinsomba touma ta kapenta, moti kompyuta iliyonse yochokera kumeneko imanunkhira ndiwo mlungu wathunthu. Mayiyo ndi Mubemba wa ku Kasama. Ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, chibale chonyozana: iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye walephera.

“Kapolo wanga wafika,” anatero atandiona. “Mwandibweretsera chiyani m'chitenjemo, mbewa zowamba?”

“Ambuya, lero ndilibe mphamvu. Mundinyoze mukatha ntchito.”

“Ndiye zavutadi. Khalani apo.”

Ndinamufotokozera zonse, ndi kope langa ndinamuonetsa. Analiwerenga mofatsa, ndipo ndinaona kuti mawu aja a pansi pa tsamba amusangalatsa.

“Apa mwalasa, aphunzitsi. Wotsegula chitseko alipodi. Masiku anayi munali kuthamangitsa alendo, woitana alendoyo mukumupatsa mpando. Choyamba zimitsani intaneti pafoni yanuyo. Asaione ngakhale pang'ono.”

Anayatsa laputopu mwa njira ina imene anaitcha sefu modi. Anati mwa njira imeneyi amadzuka ndi eni nyumba okhaokha, alendo amakhala ali mtulo, ndiye ukhoza kuwasecha m'matumba. Galasi linaoneka lofiirira, zilembo zikuluzikulu. Anatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha laputopu ikayaka, n'kuloza kamodzi. Kanali ndi dzina laulemu, lotopetsa kuwerenga, ngati la ofesi ya boma.

“Si aka. Kamuvi kanu kobiriwira kanali chovala chabe. Mutangovomera, kanavula n'kukabisala kuno. Ngakhale mukanafufuta kamuviko, aka kakanatsala.”

Anandionetsanso pena pamene kanthuko kanadzitchera wotchi, kuti ola lililonse kaziyang'ana ngati intaneti ilipo. Ndinafunsa dzina lake. Anati mtundu wonse wa tizinthu tolowa titavala ngati mphatso amautcha torojani, ndipo aka makamaka ndi dawuniloda, chifukwa ntchito yake ndi imodzi: kukoka anzake kuchokera pa intaneti.

“Pakokha sikaba kanthu, sikaswa kanthu,” anatero. “Kali ngati inu akum'mawa mukapita ku Kitwe. Amafika mmodzi ndi kachikwama, waulemu, ati ndagona masiku awiri chabe. Akangobwereka foni, Loweruka lake pabwalo pali amalume, azakhali, ndi mbuzi.”

“Ife timapita kukakuphunzitsani kulima,” ndinatero. Mphamvu zinali zitayamba kubwerera.

Ndinapempha kuti ndikaone kukula kwake. Kanali kochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Zimenezi zinandizunguza mutu kuposa zonse. Kanthu kochepa chotero n'kumaliza bandulo ziwiri, kukazinga mtedza, ndi kutsala pang'ono kuthetsa ukwati wa zaka makumi atatu ndi zisanu! Ndinafunsa kuti amene anakapanga amapindula chiyani, poti sandidziwa ndipo sindinamulakwire.

“Mumawadziwa oitanira mabasi pa siteshoni? Basi si yawo, ulendo si wawo, koma munthu aliyense amene amukweza amalandirapo kanthu. Wopanga aka ndi chimodzimodzi. Eni mavayirasi amamulipira pa aliyense amene walowetsa.”

Anayamba kundionetsa okwerawo mmodzimmodzi. Uyu ndiye wa mazenera a galimoto ndi mtsikana uja. Amadziwa dera limene uli poona kumene intaneti yako ikuchokera. Ndinamupempha kuti mawu amenewo awalembe papepala n'kusayina, ndikaonetse kunyumba. Uyu amagwiritsa ntchito mphamvu ya laputopu yako kugwirira ntchito munthu wina kutali, n'chifukwa chake inkatentha. Uyu amaonerera zimene ukulemba kuti abe mapasiwedi. Ndipo uyu, anatero akugogoda galasi ndi chikhadabo, amabisa mafayilo n'kusiya mayina abodza, kuti aliyense wodina dzinalo amudzutse, ndipo amalowa m'fulashi iliyonse imene yalowetsedwa.

“Amabisa?” ndinafunsa. “Kapena amadya?”

“Alipo odya, alipo otsekera ndi loko n'kufuna dipo. Tiona kuti wanu ndi uti. Koma tiyambe tasesa. Mukatulutsa katundu akuba ali m'nyumba, mukuwathandiza kusenza.”

Anatenga fulashi yakeyake, imene anati sabwereketsa ngakhale kwa bishopu, momwe munali antivayirasi imene anaipatsa zatsopano m'mawa womwewo. Kusesako kunatenga nthawi yoti munthu angalime mizere khumi. Ndili chidikirire, alamu anga anatulukira. Akazi anga anali atawaimbira foni, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti foniyo sinali yaifupi.

“Awa ndiwo eni mphatso?” anafunsa mayi uja. “Bwerani, bambo, mudzaone ana anu. Achuluka.”

“Koma mnzanga uja amakagwiritsa ntchito,” anatero alamu, chipewa chili m'manja. “Ndiponso kanali kaulere.”

“Filimu munaionapo ngakhale imodzi?”

Alamu anaganiza. “Iye amati intaneti ya kwawo ndi yofooka.”

“Mumuuze abwere nayo kompyuta yakeyo. Ndi aliyense amene fulashi iyi inagona kwawo mwezi uno.”

Ine ndi alamu tinayang'anana. Umenewo unali mzere woyambira pa kantembapo mpaka ku Chipangali.

Kusesa kutatha, mayi uja anafufuta wotsegula chitseko uja, wotchi yake, ndi onse amene anawaitana. Anasesanso fulashi yanga. Kenaka anauza laputopu kuti ionetse zobisika. Pagalasi panatuluka chikwatu chotuwa, chooneka ngati munthu wongotuluka kumene m'chipatala. Anadina. Tsamba loyamba linatseguka, mawu oyamba a apongozi ali pomwepo. Ndinamuuza kuti atsike mpaka pansi. Anatsika, masamba akudutsa, mitengo, njerwa, denga m'munda wa thonje, mpaka mzere womaliza. Alamu anachita chizindikiro cha mtanda kawiri. Wogulitsa kapenta uja anandipatsa madzi akumwa.

“Musayambe kuvina,” anatero mayi uja. “Ndikopera zolemba zanu zokha m'fulashi yoyera, mapulogalamu ayi. Ikatero laputopu ndiisambitsa yonse n'kuikamo zonse mwatsopano. Munthu amene analowetsa alendo ochuluka chotere, sindingalumbire kuti palibe wina watsala kudenga. Mapasiwedi anu onse musinthe lero, pafoni, osati pa iyi. Ndipo ikadzakufunsaninso ngati mukulola chinthu chimene simukuchidziwa, muzikana, ngakhale wabweretsayo atakhala pampando akukuyang'anani.”

“Ngakhale ali mlamu?” anafunsa alamu.

“Makamaka mlamu.”

Sindinachoke pamsikapo ndisanapulintitse mbiriyo. Ndinapulintitsa katatu, ndipo alamu anaumirira kunyamula mapepalawo pamutu ngati mtolo wa mwambo mpaka kunyumba.

Loweruka lake ine ndi akazi anga tinakwera galimoto ya ku Kasenengwa. Tinawapeza apongozi atakhala pakhonde, bulangete pamiyendo ngakhale kunali dzuwa. Akazi anga anakhala pamphasa pafupi nawo, ine ndinatenga kampando n'kukakhala kuseri kwa ngodya ya nyumba, pomwe mawu amafika koma maso safika. Za laputopu sitinawauze. Ndinayamba kuwerenga mokweza.

Poyamba ndinkaganiza kuti agona, chifukwa kunali zii. Koma nditafika pa mayina a amayi otunga madzi, ndinamva mawu olemera akubwereza dzina lililonse pambuyo panga, pang'onopang'ono, ngati m'mapemphero. Ndinachepetsa liwiro kuti tiziyendera limodzi. Dzina la malemu akazi awo analitchula ndisanalifike.

Tinapitirira mpaka pa tsamba la tsiku limene anakatenga belu la tchalitchi ku misheni pa ngolo. Ndili pakati pa chiganizo, akazi anga anati ndiime kaye. Apongozi anali atakweza dzanja. Analimbana ndi lilime kwa kanthawi, kenaka anauza mwana wawoyo, mokweza ndithu kuti ndi kuseri kwa ngodya kumveke:

“Uwauze aphunzitsi. Ng'ombe zinali zinayi.”

Ndinayang'ana papepala. Ndinali nditalemba ziwiri. Ndinatulutsa cholembera m'thumba, ndinakhwatcha, ndinalemba zinayi pamapepala onse atatu, kenaka ndinafunsa akazi anga ngati atate alola kuti ngoloyo ipitirize ulendo.